Misa ya M'nyumba Inafika Kwanga

Okondedwa msuweni Malachy,

Ndikhulupirira muli bwino ku Boston kumeneko. Kuno kumudzi kwathu ku Mayo ndi mvula yokhayokha, nalo thupi likukana.

Chaka chino Misa yoyendera m'nyumba inagwera kwanga. Mwambo wathu mukuudziwa: wolandira Misa amayamba wapaka penti nyumba yonse. Ine mphamvu zake ndizitenge kuti? Chitulukireni m'chipatala, ngakhale makwerero amandiopsa. Ndinauza a Bambo Mfumu mosapsatira kuti andidumphe. Sindinafune kuti anthu amene ndinasiya kupemphera nawo kalekale adzaseke makoma anga a nkhungu.

Loweruka ndinangoona Mayi Nuala, oyimbitsa kwaya aja, ali pakhomo ndi amuna anayi ndi zitini za penti. Ndinakalipa mpaka kutsokomola. Iwo anangoti, "Fintan, takhalani pansi. Ife tadzera Ambuye, osati nkhope yanu yokwinyayo. Ketulo ili kuti?"

Anapaka penti nyumba yonse, ndipo tsiku litafika Misa inachitikira patebulo la kukhitchini. Ndinalandira Ukaristia koyamba chimwalirireni mkazi wanga Orla.

Akuti Misayi idzabweranso kwanga pakatha zaka zisanu ndi ziwiri. Adokotala anandiuza kuti mwina sindidzafikako, koma ndawalola Bambo Mfumu andilembe pamndandanda.

Ndine msuweni wanu,
Fintan