Malipenga Odutsa M'nyumba ya Azakhali

Lolemba, 12 Ogasiti

Ndafika kumudzi, kwa Azakhali Radojka. Akadali m'zovala zakuda, ndipo TV anaifundika nsalu chimwalirireni amuna awo, a Živorad. Muno simulira nyimbo mpaka chaka chithe.

Ndadzera chimodzi. Loweruka kanema wa m'boma lathu aonetsa gulu la malipenga limene Ababa ankalizamo, koma pa intaneti amatsekera aliyense wokhala kunja kwa Serbia. Ababa ali gone ku Graz, kunja kwa dziko, kwa mchimwene wanga Vukašin, ndipo adokotala akuti za ulendo wobwerera kuno aiwale. Ndiye ndiika pulokisi muno, kompyuta yodutsirapo intaneti, tabuleti yawo izidzera m'nyumba ino, azioneka ngati ali kwawo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Kompyuta yakale ya malemu ndaipukuta fumbi, ndaikamo pulogalamu ya seva, ndailumikiza ndi chingwe ku rauta, kabokosi ka intaneti. Adiresi yosasintha, khomo lotsegula pa rauta, mawu achinsinsi dzina la galu wathu wakale. Laputopu yanga yadutsa bwinobwino.

Vukašin ndiye wandiumitsa kukhosi. Ndikuti lemba adiresi apa, iye akuilemba pamalo a dzina. Koma zatheka. Akuti Ababa aonera zanyengo za kwathu kuno ku Užice mobwereza, ngati ali ndi udzu woti amwete mawa.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Azakhali ayala kansalu kawo koluka pa kompyuta, penipeni potulukira mpweya. Ndachotsa, abwezera. Akuti chinthu sichikhala maliseche m'nyumba mwawo.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Pakamwa pangapa! Andifunsa ntchito ya bokosili, ine n'kufotokoza zonse monyadira, kuti chilichonse chimene Ababa aonera chimayamba chalowa muno.

"Ndi malipenga omwe?"

Ndati inde. Pochokera kogula buledi ndapeza pulagi ili pansi, chingwe chokulunga mwaudongo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ndanyengerera mpaka khofi kuzizira. Ndati sizimveka, Azakhali, ndi magetsi chabe oyenda m'chingwe.

"Mwana wa mlongo wanga, zosamveka kwa ife malemuwo akumva. Ndiwachitire chikondwerero m'nyumba mwawo?"

Kwa aneba intaneti ndi ya pafoni, seva singakhalepo. Vukašin akuti Ababa ametetsa ndevu, apempha malaya oyera a mawa. Ndamuuza kuti ndikukonza, asawauze kanthu. Kenako ndakalira kumunda wa maplamu. Chondipweteka n'chakuti Azakhali ndikuwamvetsa, ndipo kukalowetsa pulagi mobisa sindingathe.

Loweruka, 17 Ogasiti

M'mawa Ababa aimba foni, afuna mlongo wawo. Mawu atha, koma nthabwala zikadalipo. Sanapemphe kanthu, za pulagi sakudziwa n'komwe. Angowakumbutsa nyimbo imene anawalizira pa ukwati wawo, Živorad akuwaponda zala povina, ndipo ati lero aimvanso.

Azakhali aika foni pansi. Kenako ayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha malemu, anong'ona zimene sindinamve, n'kugwada pansi pa tebulo ndi mawondo awo otupawo. Pulagi alowetsa okha. Kansalu achotsanso okha, ati kapume.

Atatero atuluka, atseka chitseko, akakhala pabenchi panja.

Ine ndatsala ndi timagetsi ta rauta tikuphethira. Masana uthenga wa Vukašin: zikuoneka bwino, Ababa akhala tsonga, zala zikudina m'mwamba ngati lipenga lili m'manja. Ndatuluka kukawawerengera Azakhali. Sindinamalize, iwo aimirira, alowa, aika chikhatho pa kompyuta.

"Nyimbo ija ndi imeneyi ikudutsayi?"

Ndati inde.

M'nyumba munali zii. Dzanja sanalichotsepo.