Zimene Sindinalembe za Ipyana

Karonga Boma
14 Okutobala 2024

Okondedwa amwene a Jeffrey,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, komanso timu yanu ya pakoleji, imene ndikumva kuti chaka chino yaphunzira kugonja mwaulemu. Kuno dzuwa likutiwamba monga mwa masiku onse, choko chikuchita kumata m'manja.

Ndikulemba za Ipyana Mwakikunga, mtsikana wa ku Wovwe uja munandituma kuti ndimuyese ngati angayenere malo aulere a osewera basiketibolo pakoleji panupo. Munandiuza pafoni kuti lipoti langa litawerengedwa mu komiti, anthu anaseka mpaka wapampando anapukuta misozi, kenako dzina lake linachotsedwa. Ndivomere, ndinasangalala. Mukundidziwa kuyambira ku yunivesite: ine kutaya mnzanga ndimalolera, koma osati kutaya nthabwala.

Zimene ndinalembazo sizinali zabodza. Mwanayu anakulira netibolo. Nditamuponyera mpira pabwalo la pasukulu pathu, anauwakha n'kuima nji, phazi litakhomeka pansi, kufunafuna woti ampatsire. Ndinalemba kuti mukamutenga mwatenga mzati wa magetsi, bola mudzamangirirapo nyali ya pabwalo. Koma pali zimene sindinalembe. Ndinamuyesa mphindi khumi zokha, dzuwa lili paliwombo, atangotsika minibasi asanadye kanthu, chifukwa ine ndinkathamangira mpira wa pa TV. Ndipo pa mipira makumi awiri imene anaponya, iwiri yokha ndiyo inaphonya, pa ringi yathu yopindika ija yopanda thabwa kumbuyo. Inu ndi ine, zaka zinayi zonse tinkasewera ku yunivesite zija, sitinafikepo pamenepo. Zimenezi ndinazisiya chifukwa zikanawononga chiganizo changa cha mzati.

Loweruka bambo ake anafika kunyumba atasenza thumba la mpunga wa Kilombero. Anati Ipyana anawauza kuti aphunzitsi anamuseka pang'ono, koma poti anamuonetsa kunjanjitsa mpira, ndiye kuti anamukonda. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundithokoza m'chilankhulo cha kwawo.

"Ndagha fijo, aphunzitsi. Kalata yanuyo ndiyo imutsegulire njira."

Ndinayankha kuti tidikire, makomiti amachedwa. Munthu wa digiri ya zilankhulo, mawu amene ndinapeza ndi amenewo.

Dzulo ndinapita ku Wovwe, ati kukabweza thumba lija nditakhuthula mpunga. Ndinampeza pa simenti imene amayanikapo mpunga kusikimu, atasesa mbali imodzi, akunjanjitsa mpira wobwereka mozungulira matumba. Azimayi oyanika mpunga ankamunena kuti aswa simenti ya anthu, iye osacheuka n'komwe. Masabata atatu akuchita zimenezi tsiku lililonse. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha: ngati kukolejiko nsapato amapereka kapena afunefune zake.

Tsono nali lipoti loona. Dzanja lamanzere siligwira ntchito pa mpira. Akamanjanjitsa amayang'ana pansi ngati wataya singano. Wina akamuthamangira amaiwala zonse n'kuimanso. Chaka choyamba adzangotenthetsa benchi, ndipo mudzanditukwana. Koma kutalika simungamuphunzitse munthu, diso la ringi ali nalo, ndipo ndaona ndi maso anga kuti akauzidwa chinthu kamodzi amakachigwira yekha popanda womulondera. Chaka chachiwiri mudzayamba kuuza anthu kuti munamutulukira nokha.

Ndikudziwa kuti mndandanda mutseka Lachisanu. Sindikuti mumutenge chifukwa cha ine. Muitaneni, mumuone nokha ola lathunthu, atadya. Kalatayi mukaiwerenge mu komiti momwemo, yonse, osadumpha za TV zija. Akaseke ine.

Ngati malowo mwapereka kale kwa wina, ndiuzeni msanga, musandinyengerere. Ndidzapita ndekha kwa bambo ake. Sindidzawauza kuti komiti yakana, ndidzawauza zimene ndinalemba, liwu ndi liwu, mwana wawo ali pomwepo.

Moni kwa alamu ndi ana. Mayi akunyumba kuno akupereka moni kwa inu nokha. Ine sakundilankhula bwino chiwerengereni lipoti lija. Ipyana nayenso anati ndisaiwale kukupatsani moni. Sanakuonenipo, koma akumakutchulani kale kuti "a Kochi anga".

Ndine mnzanu,
Elliot