Galimoto ya a Gilibati Ikukana Kuzima

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Masabata atatu chiwaikire m'manda amuna anga a Gilibati. M'nyumba zii. Anthu a pasiwa anabalalika onse, kwatsala mphasa ziwiri ndi ndowa yopanda mwini. Tamanda, mwana wathu mmodzi yekhayo, anabwerera kuntchito ku Mzuzu. Akaimba foni ndi mphindi ziwiri basi.

Lero kunabwera alamu anga a Abednego kuchokera ku Nathenje. Kusudzula akuti ndi Loweruka pa 24. Akandimasula tsiku limenelo, atenga pikiapu. Sananene kuti akuifuna ndi iwo, ayi, anthuwa ndi ochenjera. Akuti akufuna ndi malemu. "Munaona nokha mlamu, achimwene anakana kutsikira pano."

Ndinaonadi. Tsiku lokatenga thupi kuchipatala ku Nkhoma anayendetsa ndi alamu angawo. Kufika pakhomo, kutembenuza kiyi, kumuzula. Injini osazima. Gu-gu-gu, kutsokomola, galimoto yonse kunjenjemera, bokosi kumbuyo likugwedezeka, kiyi ali m'manja mwa munthu. Azimayi anathawa mpaka ena kutaya zitenje. Chiyambire pamenepo nkhani ndi imodzi: mzimu uli m'galimoto, ukufuna kwawo.

Kwawo kuti? Zaka 31 munthu wakhala kuno ku Mitundu. Ndipo tomato wa kudimba akafika bwanji kumsika? Pamutu, msinkhu uno?

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndatsegula chitseko cha pikiapu koyamba chichitikire maliro. Fungo la girisi ndi sopo wa a Gilibati. Chipewa chawo chikadali pampando.

Ndinailiza. Ulendo wa kubwalo la mpira, komwe ankandiphunzitsira kuyendetsa mu Epulo. Kuzungulira kanayi, kubwerera. Ndinazimitsa momwe anandiphunzitsira: giya yoyamba, phazi pa buleki, kutembenuza kiyi, kusiya kilachi. Inazima pomwepo. Ndiye mzimuwo umaopa ine? Ndinaseka ndekha, kenako misozi.

Anthu aona namfedwa wovala zakuda ali pachiwongolero. Alankhule, pakamwa ndi pawo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Ku Nathenje kwa a Jeremiya, makaniko wakale, mnzawo wa malemu. Fumbi la mumsewu mpaka m'mano. Ndinafika injini itatentha juu.

Anakwera okha, giya kuiika pa nyutulo, kutembenuza kiyi. Zomwe zija. Gu-gu-gu. Ine ndinakhala pa tayala. Iwo ngakhale kuphethira. Anailizanso, kuizimitsanso, ndipo ili mkati motsokomola anazula waya wonenepa wa pa koyilo, wopereka moto kumapulagi. Inapitirizabe. "Ndiye si magetsi, mayi, si siwichi ya kiyi."

Akuti injini zakale za kabuleta zimatero zikatentha. Mkati mumakhala mwaye wouma, umayaka ngati khala, petulo akamalowabe amangogwira moto yekha osadikira pulagi. Ndinafunsa za mzimu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Kenako anati ndiwaonetse momwe ndimazimitsira ine. Ndinawaonetsa. "Mumaitsamwitsa ndi giya. Anakuphunzitsani ndani?" Angakhale ndaninso. Ine ndimayesa galimoto zonse zimazimitsidwa choncho.

Zoyang'ana ndi zitatu, akutero: mapulagi, taimingi ya nthawi yomwe moto umafikira kumapulagi, ndi kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya. Manja awo akunjenjemera masiku ano, anandibwereka sipanala ya mapulagi kuti ndikayambe ndekha. Ndinadutsa pafupi ndi kwa alamu anga. Sindinaime.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi sindinapite. Maso a anthu andikwana.

Mapulagi anayi, onse bii. Ndinawayala pa lichero motsatana monga ankachitira eni ake, kuti asasokonekere. Kukwecha ndi burashi ya waya, kudzicheka chala. Kubwezeretsa. Kuyenda mpaka itatentha, kuzimitsa pa nyutulo. Yatsokomolabe, koma mwachidule. Masiku atsala asanu ndi limodzi.

Ndaphikanso ndiwo za anthu awiri. Galu wakhuta.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ku Nathenje kachiwiri. Taimingi akuti ili bwino, palibe chokhudza. Kenako a Jeremiya anaika khutu pafupi ndi injini, nkundiitana. "Tamverani. Galimoto itaima siyenera kulira mothamanga chonchi." Ine ndimvanji, ndinaizolowera choncho.

Anandilozera kasikuluwu m'mbali mwa kabuleta. Akuti ndi ka silo, kamene kamati injini ilire mokweza bwanji phazi lisali pa moto. Kakakwera kwambiri, petulo amalowabe wochuluka ngakhale wazimitsa, ndiye kutsokomola kuja. Anapukuta girisi ndi chala. Kadontho ka penti yofiira pamutu pa sikuluwu, kena pa kabuleta. Osayang'anizana. Kusiyana theka la kuzungulira.

Pentiyo ndikuidziwa. A Gilibati ankadontheza pa chilichonse, makasu, ndowa, wailesi, kuti adziwe pomwe chinthu chinali. "Wina anaikweza dala," anatero a Jeremiya, nkutenga sikuludiraiva. Ndinawagwira dzanja. Ndinati ndikabweza ndekha.

Ndakumbukira ndili panjira, mpaka ndinaima pambali.

Tsiku loyamba kuphunzira inandizimira ka 11. Ndikangosiya kilachi, thi. Ndinaponya kiyi muudzu, ndinati sindiphunziranso, za chiyani, woyendetsa alipo. Mmawa mwake ndinawapeza a Gilibati atsegula boneti, akupuma mwabefu, ataonda kale. Tsiku limenelo sinazime ngakhale kamodzi. "Mwaona amake Tamanda, mwendo wanu wachenjera." Ndinakadzitama kwa azimayi a kutchalitchi sabata yonse. Ndipo ndi tsiku lomwelo anandiphunzitsa kuzimitsira pa giya, kuti ndisamve kutsokomolako nkuyamba mafunso.

Zotsatira za kuchipatala anali atazimva kale. Ine ayi. Ankadziwa amene aziwayendetsa maulendo a kuchipatala ku Nkhoma, ndi amene adzatsale ndi tomato.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndabweza kasikuluwu kaja. Madontho ayang'anizana. Injini yatsika mawu, tu-tu-tu, ngati munthu wogona bwino. Kuitenthetsa, nyutulo, kiyi. Zii. Katatu konse.

Koma tsopano ikundizimira. Kubwalo la mpira ka 9 mmawa wokha. Ndiye mwendo wanga sunachenjere konse. A Gilibati, bodza lanu. Ndakwiya nanu zedi, ndipo palibe woti ndimukalipire. Mukanandiuza tikanalira limodzi.

Loweruka ikadzandizimira pamaso pa alamu anga adzati mkazi sayendetsa, galimoto ikuonongeka pano. Ndabwereranso masana. Kasanu. Chakumadzulo kawiri. Muvi wa petulo wagona pansi, wa mawa ndithira wa m'chigubu chomwe anasiya kuseri kwa chitseko.

Tamanda sanaimbe.

Loweruka, 24 Ogasiti

Zatha. Anabwera asanu ndi awiri, azakhali awo a malemu ali patsogolo. Mawu a mwambo, kundimasula, kuvula zakuda. Kenako nkhani ya galimoto, a Abednego atakonza kale pakhosi.

Ndinawapatsa kiyi ndekha. Ndinati alamu, pitani pa Mitundu mubwerere, itenthe ngati tsiku lija, mudzaizimitsire pano pamaso pa akuluakulu. Anapita. Pobwera azimayi anali atasunthira kale kuseri kwa nkhokwe. Kutembenuza kiyi. Zii. Anailizanso, kuzimitsanso. Zii. Anakhala akuyang'ana kiyi ngati wawalakwira.

Ndinatsegula boneti, kuwaonetsa madontho awiri, kufotokoza zonse, za ka 11 zija ndi za mwendo wochenjera. Azakhali anaweramira mu injini nthawi yaitali, sindikudziwa ngati anaona kanthu. "Penti ya Gilibati iyi. Galimoto anakonzera mkazi wake, isiyeni."

Ndinawaperekeza pa siteji onse asanu ndi awiri, alamu anga atakhala kumbuyo. Inandizimira kamodzi potuluka pachipata. Palibe anaseka.

Lolemba, 26 Ogasiti

Tomato mabasiketi asanu ndi limodzi kumsika, ndekha. Sinazime panjira. Pobwera ndinagula petulo ndi sopo, ndinazindikira ndili kunyumba kuti ndagula sopo wawo uja.

Pakhomo. Nyutulo, kiyi. Inazima nthawi yomweyo, bwinobwino, monga galimoto ya munthu aliyense. Ndinakhalabe pampando, chipewa chili pambali panga, kudikira kuti mwina igwedezeka pang'ono. Ngakhale kamodzi.

Ndakhala masabata awiri ndikutsimikizira anthu kuti mulibe mzimu. Ndapambana. Lero ndiye ndadziwa kuti ndinkafuna ukhalemo.

Kukweza kasikuluwu kaja theka lokha la kuzungulira, ingayambenso kutsokomola. Ndinatsegula boneti, sikuludiraiva m'manja, kuima pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'khola. Sindinaikhudze.

Sikuludiraivayo sindinabweze m'bokosi.