Nyanja yafika pa manda anu, agogo Baraniko

BARANIKO TEUEA
Anabadwira pa chilumba cha Abaiang mu 1933, anatisiya pa 9 Malichi 2021

Lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni, agogo. Tinkaganiza kuti pofika chaka chino mitima idzakhala itakhazikika, tizikukumbukirani ndi phwete monga munkafunira. Koma tikulemba izi tili ndi mantha, ndipo sitikubisirani.

Mwezi wathawu nyanja inadzaza kuposa kale lonse. Kunalibe mphepo, kunalibe mvula, dzuwa linali phwee, madzi ankangobwera mwakachetechete. Anagwetsa khoma lamiyala limene munamanga ndi amalume Tioti, anathira mchere m'maenje anu olimamo babai, mbewu yathu yonga madumbe, ndipo pobwerera anasiya manda awiri a kumapeto ali pululu. Mafupa tinawatola pamchenga ine ndi amayi anga Rutiana, n'kuwakulunga m'mikeka yatsopano. Ali m'nyumba, pamtanda wa denga. Sitikudziwa kuti ndi a yani. Pakati pa madzi ndi manda anu patsala mapazi khumi ndi anayi. Ndinayeza dzulo, n'kuyezanso poganiza kuti ndalakwitsa.

Tikukumbukira mmene munkakwerera mitengo ya kokonati kukatenga uchema, imvi zili mbuu, mukuimba nyimbo zonyoza aliyense amene anali asanadzuke. Ine munkanditcha Nkhanu, ati ndikaona tsache ndimayenda cham'mbali. Mukatsika munkakhala pambali pa manda a amayi anu ndi kapu ya tiyi, n'kumawauza za m'mudzi, wakwatira ndani, wathawa ndani, ndipo mukafika pa nkhani yonyansa munkatsitsa mawu kuti gogoyo asakhumudwe. Ife tinkangofa n'kuseka.

Mukatero munkaloza manda amodziamodzi. Munkati awa ndi Nei Temarewe, amene bwato lawo linasochera masiku makumi awiri kuchokera ku chilumba cha Marakei, n'kufika kuno ali ndi khanda lamoyo m'manja. Awa ndi bambo anu, amene anapita kukakumba miyala ya feteleza ku chilumba cha Banaba, n'kubwerako ndi bokosi lamatabwa ndi chifuwa chimene chinawapha. Awiri enawo munkawaloza msangamsanga, osaseka. Anali pachibale, mimba imodzi, koma anakangana chifukwa cha dziwe la nsomba, wina n'kufa ndi dzanja la mnzake. Munkati anthu amenewo asadzagone pamodzi ngakhale dziko lithe, apo ayi mkangano wawo udzadzukira mwa amoyo. Nkhani zonsezi tinazisunga, agogo, koma malo ake sitinasunge. Miyalayo ilibe maina, ndipo ife tinkaona ngati chala chanu chidzakhalapo mpaka kale.

Mzere wonse wa makolo, mibadwo khumi ndi iwiri, munaupereka kwa munthu mmodzi monga mwa mwambo, amayi aakulu Tiebane, mwana wanu woyamba. Mwina mukudziwa kale kuti chaka chatha anagwa akuyanika nsomba. Mbali imodzi inafa, lilime linalemera. Lolemba tinawanyamula pampando kupita nawo kumanda kuti atiuze. Anayang'ana miyala yonse nthawi yaitali, anakweza dzanja lamoyolo, n'kuyesa kulankhula. Tinagwada kutchera khutu. Dzina limene linatuluka linali limodzi lokha, lanu. Chibwerereni kumeneko akukana chakudya, ndipo tikuopa kuti tsiku limene adzakutsatireni adzapita ndi mtundu wonse m'kamwa.

Akuluakulu anakumana m'maneaba, nyumba yathu ya misonkhano, n'kugamula kuti banja lililonse lisamutse akufa ake mwezi usanakhwimenso, nthawi imene nyanja imadzaza kwambiri. Atipatsa malo kuseri kwa tchalitchi, pakati pa chilumba. Nanu mukudziwa kuti pamenepo n'pokwera ngati bondo la munthu basi.

Apa ndi pamene pali chimene chikutiopsa kuposa madziwo. Amalume Tioti akuti nthawi palibe, tikumbe dzenje limodzi lalikulu onse alowemo, popeza mafupa samenyana. Amayi akuti zikatero bola m'dzenjemo aikidwemo iwo eni. Amalume anawayankha kuti ngati amamvetsera kwambiri mawu anu, bwanji sakudziwa manda a agogo awo. Patha sabata ziwiri ana anu awiriwa osadyera pamodzi. Lachinayi anakumana pachitsime, ndipo mmene anayang'anirana sindinaonepo chibadwire. Ndinakumbukira anthu awiri a dziwe aja. Inu mukanakhalapo mukanawatcha maina oseketsa mpaka wina ataphulika n'kuseka. Ife sitikudziwa poyambira.

Bauro, mdzukulu wanu amene akuthyola zipatso ku New Zealand, amaimba foni Lamulungu lililonse kuti tisiye zonse tipite. Akatero amalira, n'kufunsa ngati mtengo wanu wa uchema udakalipo. Timamuuza kuti ulipo. Sitinamuuze kuti mizu yake ili pamtunda.

Loweruka tidzayamba ndi inu, chifukwa ndinu nokha amene tikudziwa pamene mwagona. Musatikwiyire pokusokonezani tulo. Enawo ine ndi amayi tatsimikiza kuti aliyense adzakhala ndi mkeka wake ndi dzenje lake, motalikirana, ngakhale manja atuluke matuza. Amalume sanavomere, koma dzulo madzulo tinawaona akunola fosholo zitatu. Ngati tidzalakwitsa n'kuika pafupi anthu osayenera kuyandikana, mukatipepesere kumeneko, muwauze kuti ndi ana, sanadziwe.

Dzina lanu tidzalizokota mozama pamwala, ndipo ana athu adzalitchula ngakhale atakabadwira kutali ndi nyanja ino. Sitidzakuiwalani.

Ine mdzukulu wanu Rakera, m'malo mwa ana anu Tiebane, Rutiana ndi Tioti, ndi adzukulu onse.