Zomwe Ndinauza Sikauti

Lachiwiri, 19 Meyi 2015

Sikauti uja wabwera. Dzina lake Hollis, mzungu wamtali wa imvi, wotumidwa ndi timu ina ya kumadzulo. Ntchito yake akuti ndi kuzungulira m'makoleji kuonera anyamata akusewera basiketibolo, kenako kufufuza khalidwe lawo kwa makochi ndi makolo. Mwana wanga Kingsley kulibe, ali ku Indianapolis kwa amalume ake kukonzekera dirafuti, mwambo umene matimu akuluakulu amasankhira osewera atsopano. Amake, a Vainess, anali ku shifiti. Ndinamulandira ndekha.

Wakhala mphindi makumi anayi, tiyi osamukhudza. Funso lake lalikulu: kodi mwana wanu mpirawu amaukonda? Ndinaseka. Ndinati ameneyu ndi mlesi, kumudzutsa m'mawa ndi nkhondo, mpira anangouyamba chifukwa cha msinkhu, ife timafuna aphunzire za mankhwala. Nanga ndikanati chiyani? Kuti mwana wanga ndi katswiri? Pamaso pa mlendo? Ine nditakhoza mayeso a Folomu 4, bambo anga ku Ntcheu anauza abusa kuti, "Kamwanaka n'kopusa, kangochita mwayi." Tchalitchi chonse chinamva kuti mkuluyo akunyadira.

Hollis sanaseke. Amangolemba.

Lachitatu, 20 Meyi

Ndawafotokozera a V. Andifunsa: "Bambo a Kingsley, mzunguyo munamuuza kuti mumangocheza?" Ndati munthu wamkulu amamva yekha. Chitseko cha kubafa phwa!

Lamulungu, 24 Meyi

Alamu anga a Lucious, amalume ake a Kingsley aja, aimba kuchokera ku Lawrence m'mbali mwa Indianapolis, andisunga pa foni ola lathunthu. Iwo dirafuti amaidziwa kuposa Baibulo. Matimu 30, mayina 60 basi, dziko lonse lapansi. Ukatchulidwa m'mayina 30 oyamba, amene amati raundi yoyamba, kontirakiti ndi yotsimikizika. Kuyambira 31 palibe lonjezo, akhoza kukubweza kwanu ligi isanayambe n'komwe. Mwayi wosankha munthu amautcha piki, ndipo akuti matimu amagulitsana ndi kusinthana mapikiwo ngati mbuzi pa Lizulu.

Olosera a pa intaneti K amuika pa 27, ena pa 33. Timu ya Hollis ili ndi piki chakumapeto kwa raundi yoyamba. "Alamu, amene uja ndiye khomo lathu. Munamulandira bwino?" Ndati eya, bwino kwambiri.

Lachisanu, 29 Meyi

Pa 41. Ndayang'ana katatu pa nthawi yopuma ku labu kumene ndimagwira ntchito. Sanasewere mpira uliwonse sabata ino, ndiye watsika bwanji?

Lachiwiri, 2 Juni

Tiffany, ejenti wa K amene amamuyendetsera za makontirakiti, wandiimbira ndili pakati poyeza magazi. Ndatulukira pakhonde. Mawu ake aulemu koma ozizira. Akuti matimu atatu amufunsa funso limodzi: n'zoona kuti ngakhale a kwawo akuti mnyamatayu alibe mtima wa mpira? Masikauti amagona hotela imodzi, amadyera tebulo limodzi, nkhani imayenda.

"Bambo Chimwaza, munanena chiyani kwenikweni?"

Ndayesa kumufotokozera kuti kwathu mwana sumutama, ukamutama umamuitanira maso oipa ndiponso amakula mutu. Wati akumvetsa. Sakumvetsa. Wandipempha kuti ndisalankhulenso ndi munthu aliyense wa timu. Ine, wa zaka 54, kuletsedwa kulankhula za mwana wanga ndi mtsikana woti ndikhoza kubala!

Anthu awa amayeza chilichonse. Kutalika kwa mikono, kukula kwa chikhato, kudumpha, mafuta a m'thupi, mpaka mano sindikudziwa. Zaka zinayi za mavidiyo ali nazo. Koma chiganizo chimodzi cha bambo wotopa ndiye chalemera kuposa zonsezo?

Lachitatu, 3 Juni

K waimba. Iye Chingerezi, ine Chichewa, monga mwa nthawi zonse.

"Adadi, munanenadi?"

Ndati eya, koma mwana wanga ukudziwa mmene timalankhulira.

"Sindikufunsa zimenezo. Mumakhulupirira zimene munanenazo?"

Ndinafuna kuyankha bwino, ndiye ndinayamba ndaganiza. Mwina masekondi asanu. Wadula.

Lachinayi, 4 Juni

Ndamuimbira Hollis kanayi pa nambala ya pa khadi lake. Makina okhaokha. Ndasiya uthenga kawiri, woyamba wautali mpaka unaduka pakati. Tiffany asamve.

Lamulungu, 7 Juni

Kutchalitchi aliyense ndi katswiri. A Chester akuti agula kale malaya oti adzavale tsiku la dirafuti, akufuna adziwe mtundu wa timu. Amayi a kwaya akuti K asadzaiwale denga la tchalitchi cha kumudzi. Wina amauza mnzake pakhomo, osadziwa kuti ndili kumbuyo: "Akuti watsika, kaya ndi bondo." Bola likanakhala bondo. Bondo lili ndi dokotala.

A V sanakhale nane benchi imodzi.

Lachinayi, 11 Juni

48. Tsamba lina lamuchotseratu. Pa tsamba limene akadalipo, pansi pa dzina lake alemba kuti ali ndi zaka 22, ndi wamkulu kale, sangasinthenso kwambiri. Wamkulu! Pamwamba pake aika mwana wa zaka 19 yemwe wasewera chaka chimodzi chokha, theka lake ali pa benchi. A Lucious akuti ndi mmene zilili, matimu sagula zimene munthu wachita, amagula zimene akuganiza kuti adzachita. Ndiye kuti kumaliza digiri ndi mlandu? Ndine ndinamukakamiza kuti amalize, chaka chatha ankafuna kulowa dirafuti. Zimenezinso zili pa mutu panga.

A Lucious adziwa tsopano. Sananditukwane. Angoti, "Alamu, mwatilakwira," basi. Bola kutukwana.

Atulutsa okha kuti Lolemba kampani ya Tiffany yakonza tsiku loti masikauti onse adzaone anyamata ake pa jimu ina ku Lawrence konko, pafupi ndi kumene kunali asilikali kale. Hollis adzakhalapo. Ndapempha ofu.

Lolemba, 15 Juni

Ndinanyamuka kunyumba ku South Bend 6 koloko, suti ya maliro ndi ukwati ija, msewu wa 31 mpaka Indianapolis. Njira yonse ndimayeseza mawu mokweza ngati mwana wa sande sukulu.

Pakhomo pa jimu mlonda wati makolo salowa. Ndati ndine bambo ake a Kingsley Chimwaza. Wayang'ana pa pepala, wati dzina langa palibe. Ndakhala m'galimoto maola atatu, dzuwa likuswa mtengo, ndikungomva nsapato kulira mkati ndi wezulo.

Atayamba kutuluka ndinamuona Hollis akupita ku galimoto yake, foni kukhutu. Ndinathamanga. Suti yonse thukuta. Anandizindikira, anadula foni.

Zoyeseza zija zonse zinathawa. Ndinangoyamba kukhuthula. Kuti mwanayu ali ndi zaka 12 anakolopa jimu ya sukulu chilimwe chonse kuti kochi azimusiyira kiyi. Kuti anathyoka chala ali Giredi 10 n'kutibisira milungu iwiri kuopa kuti timuletsa kusewera. Kuti zipepala zonse za m'nyuzi zonena za iye ndimazisunga m'bokosi la nsapato ku labu, kumene amake sangazione n'kundiseka. Kuti ndinanama. Kuti kwathu bambo akanyoza mwana pamaso pa mlendo ndiye kuti mtima wadzaza. Ndinachita manyazi zedi.

Anamvetsera, ndimupatse ulemu wake. Kenako anati, "Bambo, pepani. Lipoti langa linapita milungu itatu yapitayo. Mawu anu anali mzere umodzi pa masamba asanu ndi anayi. Mizere ina inali yoti kuponya kwake kwa patali sikunakhazikike." Ndinati chabwino, lembani lina. Anapukusa mutu. Akuti piki yawo ija kulibenso. Mabwana ake agwirizana kale zoisinthanitsa ndi timu ina, apatsidwa piki ya chaka cha 2019.

Ndinamufunsa kuti mu 2019 akufuna kudzatenga ndani. Anaseka pang'ono. "Sitikudziwa. Mwina pano ali ndi zaka 15."

Ndiye kuti malo amene timawerengera aja awapereka chifukwa cha mwana yemwe sanamuonepo, yemwe pano mwina akukana kutsuka mbale kwa amake. Chaka chonse Hollis wagona m'mahotela kutsatira K, ndipo mabwana ake sanafune n'komwe kusankha munthu chaka chino. Iyenso amaoneka wotopa. Anati akakumana ndi anzake anena zimene ndamuuzazi, koma nkhani yoipa ili ndi miyendo, yabwino imadikira basi.

Nditatembenuka, K anali ataima pakhomo pa jimu, thaulo pakhosi, Tiffany pambali pake. Patali, sakanamva. Anangoona bambo ake mu suti akugwira mzungu dzanja ndi manja awiri. Analowanso mkati.

Ndabwerera osadya. Pa Kokomo ndinaima kuthira mafuta, ndinakhala m'galimoto osatsika mpaka wa kumbuyo analiza hutala.

Lachiwiri, 16 Juni

Uthenga wa Tiffany: "Tinagwirizana chiyani?"

Lamulungu, 21 Juni

Tsiku la abambo kuno. Kutchalitchi anatiimiritsa, anatiombera m'manja. Foni zii tsiku lonse.

A V andibweretsera tiyi kuchipinda, koyamba mwezi uno. Akuti a Lucious awauza za suti ija, K anawafotokozera. Ndafunsa kuti anafotokoza moseka kapena mokwiya. Akuti sakudziwa.

Lachitatu, 24 Juni

Mawa. Tikaonera kwa a Lucious. K wakana phwando, wati a pabanja okha. A Chester akhumudwa ndi malaya awo.

Lachisanu, 26 Juni

Mayina 60. Lake palibe.

Raundi yoyamba tinaonera mwaulemu, anyamata ovala masuti owala akukumbatira amayi awo. Yachiwiri inathamanga ngati malonda a fodya ku okushoni, mayina ena amatchulidwa pa TV pali zotsatsa malonda, umangoona kalembedwe pansi. Wina anavala chipewa cha timu, pasanathe mphindi khumi akuti wagulitsidwa kwina. Ena awiri atatu a ku Ulaya, a Lucious akuti mwina sadzapondako n'komwe kuno, timu ingosunga dzina. Kusunga dzina! Mwana wanga ali pa mpando apa, mikono yonse iwiri ilipo.

Pa 55 a V anapita kukhitchini osabwerako. Pa 60 K anaimirira, anathokoza amalume ake, anakwera m'chipinda. Ine sanandiyang'ane. Mwina ndi bwino, pakamwa panga pachita zokwanira.

Kodi ndi ine? Kapena kuponya kwa patali kuja? Kapena zaka 22? Palibe adzandiuze. Ndikanakonda wina anditsimikizire kuti ndi ine, ndidziwe chonyamula.

M'mawa uno Tiffany waimba. Matimu awiri akumufuna ku mipikisano ya chilimwe ku Las Vegas mwezi wamawa, kumene osasankhidwa amakayesedwa. Palibe lonjezo. Akuti nthawi zina kusatengedwa kumaposa kutengedwa pa 58, chifukwa umasankha wekha kopita. Kaya ndi zoona, kaya ndi mawu opepesera maliro.

Tigonanso konkuno. A V akuti sangamusiye lero.

Loweruka, 27 Juni

6 koloko m'mawa kugogoda pa chitseko. K, atavala kale. Wati amalume ake msana wavuta, akufuna munthu womubwezera mpira. Sanati chonde, sanati adadi. Ndavala buluku la dzana ndi nsapato za a Lucious, zazikulu.

Jimu yomwe ija. Mlonda yemwe uja, lero wangotikweza dzanja. Mkati mopanda munthu, magetsi theka.

Wandiimika pansi pa nkhata yoponyeramo mpira. Ntchito yanga: kugwira mpira, kumuponyera pachifuwa, kuwerenga yolowa yokha. Akufuna 300, yonse ya patali. Mipira yanga yoyamba imapita m'mawondo, ina kumbali. Amangoitola. Kenako: "Pachifuwa, adadi. Mwamphamvu."

Sindinadziwe kuti munthu amachita thukuta chotere ndi kuponya kokha. Akaphonya iwiri motsatizana amadzilankhulira yekha pansipansi, ndipo ndinadabwa kumva kuti amadzikalipira m'Chichewa. "Iwe, tadzuka." Mawu anga enieni, mpaka kakwezedwe kake.

Penapake cha m'ma 180 inalowa khumi ndi inayi motsatizana, ukonde kungoti tswa, tswa, osakhudza chitsulo. Ndinaiwala ntchito yanga. Mpira unandidutsa n'kugubuduka mpaka kukhoma, ine chiimire.

"Zingati?"

Ndati sindikudziwa, ndasokoneza. Ndimaonera.

Wandiyang'ana, manja m'chiuno, akupuma mwamphamvu. Kenako wapita yekha kukatola mpira kukhoma kuja, wandiponyera pachifuwa mpaka ndabwerera m'mbuyo.

"Tiyambirenso. Wani."

Mapewa akuwawa, cholembera chikuvuta kugwira. Akuti mawa 5:30.