Namsongole wa m'thanki ya Leanne

Lolemba, 3 Malichi

Sindinagone. Ndinganamizire kutentha, kapena fani ija yolira ngati ikufuna kuthothoka kudenga. Si zimenezo. Ndi mawu a amuna anga a Warwick dzulo patebulo: "Leanne ali ndi dzanja labwino."

Zaka 26 m'banja. Thanki yathu ya nsomba ndi korali, tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tomera pamiyala ngati maluwa, ndimaisamala ndine. Kusintha madzi, kuyeza mchere, kupukuta galasi m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ku famase. Sanandiuzepo za dzanja langa. Leanne, wa ku kalabu yathu ya oweta korali, wayamba dzanadzanali, thanki ya malemu mwamuna wake, koma korali wake akuphuka ngati maluwa a paguwa tsiku la Pasaka. Loweruka lililonse a Warwick ulendo wa ku Kirwan kwa Leanne, ati kukamuonera pampu. Pampu yanji yodwala Loweruka lokhalokha?

Pali chinanso. Kuseri kwa mwala waukulu m'thanki yathu ndapeza aiputasiya. Atatu. Tizilombo tooneka ngati timaluwa tofiirira, timanja ngati ulusi, timaluma korali mpaka kufa. Ine ndimangoti namsongole. Anabwera ndi mwala umene ndinagula mu Januwale n'kuuika m'madzi osausunga kaye padera. A Warwick sakudziwa. Ku kalabu amadzitama kuti zaka khumi ndi chimodzi thanki yathu sinaonepo ngakhale mmodzi.

Lachitatu la Phulusa, 5 Malichi

Misa ya m'mawa. Phulusa pamphumi, makala mumtima. Ndalonjeza kusiya shuga ndi miseche.

Masana, a Warwick ali kuntchito, ndabaya awiri ndi jakisoni wa madzi a mandimu. Anafota pomwepo. Wachitatu anadzikokera m'kaboo ka mwala. Ndilembe zoona: ndikanadikira pang'ono akanatuluka. Ndamusiya.

Loweruka likubwerali ndi tsiku losinthana tizidutswa ta korali ku kalabu. A Warwick amata kale tisanu pa timiyala tozungulira tomeretsapo korali. Kobiriwira, kokongola kuposa tonse, alembapo dzina la Leanne. Ndinali nditapempha kuti kameneko tisunge. Akuti sakukumbukira.

Loweruka, 8 Malichi

Ndachita.

A Warwick akukweza mabokosi m'galimoto, ndinatenga mpeni wa kukhitchini, n'kupala wachitatu uja pamwala, n'kumulowetsa kunsi kwa kamwala ka Leanne, m'kamng'alu ka guluu. Mphindi ziwiri sizinakwane. Manja sananjenjemere n'komwe. Chikundiopsa n'chimenecho.

Ku holo anthu thothotho, soseji pamoto, a Vella ndi nthabwala zawo za chaka chatha. Mkulu wa zaka 80, woyambitsa kalabu. Maso ayamba kuchita chifunga, koma amabwerabe ndi ndowa yodzaza ndi tizidutswa, kugawira aliyense kwaulere. Leanne walandira titatu kwa iwo, kamodzi kwa ife. Diresi yachikasu. Mu Lenti.

Lamulo tonse timalidziwa: chatsopano chilichonse chikhale kaye m'kathanki kapadera milungu inayi. Leanne anaseka, ati za a Warwick ndi za a Vella sizifuna ndende, akaika lero lomwe. Anandikumbatira. "A Glenys, inu ndinu amwayi, mwamuna wotereyu sagulitsa m'sitolo." Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Lamulungu, 9 Malichi

Sindinalandire Ukaristia. Ndauza a Warwick kuti ndinaiwala n'kumwa tiyi tili pafupi kunyamuka, pomwe lamulo limati usadye kanthu ola limodzi usanalandire. Anakhulupirira. Amakhulupirira chilichonse, ndiye vuto lawo.

Mvula tsiku lonse. Zovala sizikuuma.

Lamulungu, 16 Malichi

Zii. Mwina namsongole uja anafera m'njira. Mwina guluu anamupha. Ndapemphera kuti akhale atafa. Pakati pa kolona ndinadzigwira ndikuwerenga masiku, kuti akanakhala moyo bwenzi pano ataonekera. Ndinayambiranso kolonayo poyambirira.

A Warwick dzulo abwera ndi zithunzi pafoni. Kobiriwira kaja kakula kale. Akuti kakusangalala kumeneko kuposa kuno.

Lachinayi, 27 Malichi

Ndinasiya kulemba. Ndimaliopa kopeli.

Namsongole wamera. Leanne anaimba tikudya, akulira. Wapeza asanu ndi awiri. Ndinamva kukoma, ngati madzi ozizira pakhosi louma. Ambuye, mwaona, sindikukubisirani. Kukomako kunatha pamene a Warwick anasiya nyama m'mbale n'kutola makiyi.

Wopusayo, asanaimbe foni, anali atawakwecha ndi burashi. Ndani sadziwa kuti namsongole sakwechedwa, sadulidwa? Kachidutswa kalikonse kamayandama n'kukamera kwina. Pofika mwezi wamawa akhala ndi munda.

Lachiwiri, 1 Epulo

Tsopano si Loweruka lokha. Lachisanu, Loweruka, Lamulungu titangochoka ku Misa, dzulonso. Amabwera akununkha mchere ndi khofi wa kwa eni. Ndinafesa kuti asiye kuyamikira thanki ija. Ndawapezera ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Dzulo abwera ndi keke ya kokonati m'kabokosi. Ati Leanne wandiphikira, akupepesa pondibwereka mwamuna. Kubwereka. Ndinadya zidutswa ziwiri chiimirire pasinki, kufuna ndipeze cholakwika. Ilibe. Lonjezo la shuga lathera pomwepo.

Ndinafunsa ngati mu Townsville monse mulibe mwamuna wina wodziwa kugwira jakisoni. A Warwick anati, "Glen, chakulowa n'chiyani? Thanki ija ndi chokhacho chimene malemu Rodney anamusiyira chamoyo."  Ndinapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Loweruka, 5 Epulo

Korali wamkulu wofiira wa Leanne wafa mbali imodzi, mafupa oyera mbee.

A komiti akuti wolakwa ndi a Vella. Maso awo aja, ndowa yawo ija. Ife palibe watiganizira, zaka khumi ndi chimodzi zija zikutitchinga. Pa msonkhano wa Loweruka likudzali akufuna kuwaletsa kubweretsanso korali. Wokalankhula ndi a Warwick, poti ndiwo mlembi. Akuti zikuwawawa mumtima, koma chilungamo n'chilungamo. Akonza kale mawu papepala, andiwerengera kuti ndimve ngati sakulasa kwambiri. Ndinati ali bwino.

A Vella anabwera ku famase m'mawa kudzatenga mankhwala a m'maso. Amva kale. Nthabwala ayi. Anangoti, "Mwanawe, mwina nthawi yakwana yoti ndigulitse thanki. Ndikuononga za anzanga osaona." Ndinawakulungira mankhwala, n'kuwakumbutsa kuti dontho limodzi m'mawa, limodzi madzulo.

Lolemba, 7 Epulo

M'mawa popukuta galasi: asanu ndi anayi. M'thanki yathu. Awiri kutsogolo kwenikweni, poyera.

Ndinamutcha Leanne wopusa chifukwa cha burashi. Ine ndinapala ndi mpeni, m'madzi momwemo, pampu ikuzungulira. Ine wodziwa lamulo, wophunzitsa atsopano ku kalabu.

A Warwick sanawaone. Adutsa pathankipo kawiri ndi kapu ya tiyi, osacheuka. Ndapulumuka chifukwa thanki yathu saiyang'ananso. Sindikudziwa ndithokoze kapena ndilire.

Ndabaya asanu ndi mmodzi, mandimu n'kutha. Madzulo ndapezanso anayi atsopano.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndinapita kukalapa. Bambo mfumu za namsongole sanazimve msanga, ankayesa ndathira poizoni m'madzi a munthu. Ndinachita kufotokoza za timiyala, za guluu, za milungu inayi, ngati ndili ku kalabu. Ndinamva akudziletsa kuseka. Nditafika pa a Vella kusekako kunatha.

Akuti chikhululukiro chilipo, koma mbiri ya munthu siibwezedwa ndi kolona, imabwezedwa ndi pakamwa. Ndinafunsa ngati ndingangonena kuti thanki yathu nayonso ili naye, sitinadziwe, anapita mwangozi. A Vella ayera, Leanne sadziwa zambiri, a Warwick angochita manyazi pang'ono. Anandifunsa ngati anapitadi mwangozi.

Ndinakhala m'galimoto theka la ola osaliza injini.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndalembera Leanne. Kalata ya pamanja, masamba awiri. Ndakaiponya ndekha m'bokosi lake la pageti nthawi yopuma masana. Pawindo thanki yake imawala buluu. Ngakhale ikudwala ndi yokongola kuposa yathu.

Ndalemba zonse. Mpeni, kamng'alu, chifukwa chake. "Pepani" ndalemba kamodzi kokha. Nsanje ikadalipo, ndipo sindinafune kunamanso.

A Warwick aimba kuti akuchokera kuntchito adzera kwa Leanne komweko, ndisawadikire chakudya. Ndangokumbukira tsopano kuti polowa amamutengera makalata m'bokosi. Kalembedwe kanga amakadziwa. Emvulopu ndinaimata bwino. Ndikuganiza kuti ndinaimata bwino.

Ndime yomaliza ndiikopere muno kuchokera papepala loyeserera, mawa ndingadzadzinamize kuti sindinalembe chonchi:

"A Leanne, a Vella ndikawayeretsa ndekha Loweruka pamaso pa onse, kaya mwandikhululukira kaya ayi. A Warwick musawauze, ndiwauza ine Lachisanu madzulo. Tsikulo lisanafike ndikupempha chinthu chimodzi, ngakhale ndikudziwa kuti ndilibe nkhope yopemphera kanthu kwa inu. Mundiuze ngati amabwera kwanuko chifukwa cha thanki yokha. Mundiyankhe pofika Lachisanu masana, chonde, kuti pomwe ndikuulula ndidziwe kuti ndikuulula kwa mwamuna wa ndani."