Magazi a kwathu ku Jangheung

Gwangju
14 Okutobala

Achimwene a Tae-bong,

Landirani moni, ngati masiku ano moni mukulandira. Muli bwanji ku Geoje kumeneko? Msana uja ukukulolani kukwera pa sitima zomwe mukuwotchererazo, kapena mukungoloza ndi chala muli pansi? Kuno tilipo. Amayi bondo likuwavutabe, koma pakamwa pali bwinobwino. Ine ndatopa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni momwe selo limagawikira pawiri, lero ndikuonerera banja la kwathu likuchita zomwezo.

Ndalemba kalata chifukwa foni simukuyankha. Ndaimba kasanu n'kanayi. Munthu wa madigiri atatu ndafika pokaima pamzere ku positi ofesi pamodzi ndi agogo otumiza tsabola kwa ana awo ku Seoul. Chimenechi ndidzakukumbutsani mpaka kumanda.

Nkhani zili motere. Mwana wanu Ye-sol akadali kuno kwa ine, koma sakudya. M'kalasi mwanga anasamukira kumpando wakumbuyo, iye amene ankakhala kutsogolo n'kumandikonza ndikalakwitsa. Dzana anandiuza kuti, azakhali, anzanga amalephera mayeso, ine ndinakhoza mpaka kupha banja. Alamu a Myeong-ok ali kwa mayi awo ku Naju. Mapepala othetsera ukwati anakatenga kale, ndipo akuti Lolemba likubwerali adinda chidindo chawo. Sakuopseza. Mumawadziwa kuposa ine.

Ndikukumbutseni zomwe zinachitika kwa amayi pa Chuseok, chikondwerero chathu cha zokolola, chifukwa ndikudziwa kuti m'mutu mwanu mwazikonza kale kuti zikukomereni.

Tinali titamaliza kugwadira mizimu ya makolo, tikudya. Inu munadzikonza pakhosi n'kulengeza kuti kuntchito anakuyezani, ndipo magazi anu si a gulu A monga analembera pa kachitsulo ka ku usilikali, koma AB. Munasangalala ngati mwakwezedwa pantchito. Munati zaka makumi atatu anthu akhala akukunenani kuti ndinu wa A, wamantha, wosunga zinthu kukhosi, pomwe ndinu wa AB, gulu la anthu anzeru zakuya. Alamu anati amati wa AB amakhala wanzeru kapena wamisala, tidikire tione. Tonse tinaseka, ndi amayi omwe.

Apo ndi pomwe Ye-sol, amene sabata yomweyo anali ataphunzira za magulu a magazi kwa ine, anatenga kapepala kopukutira pakamwa n'kujambula timabokosi tinayi. Anati, adadi, ndiye kuti munanditola pansi pa mlatho, chifukwa bambo wa AB ndi mayi wa O amabereka wa A kapena wa B basi, pomwe ine ndine wa O. Ankaseka, achimwene. Ankafuna muone kuti ndalama za sukulu sizikupita pachabe.

Inu simunaseke. Munayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenako munatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, aphunzitsi, n'zoona zimenezi?

Ine ndinati buku limatero.

Tsiku lomwelo munanyamuka osatsanzika mkazi wanu. Mmene mwachitiramu, osalankhula, osafunsa, kungotupa ngati mtanda wa buledi, ndikuona kuti a ku usilikali aja sanalakwitse kwenikweni.

Tsopano khalani pansi ndikuphunzitseni. Ena amalipira, inu mupeza zaulere.

Munthu aliyense amanyamula chibadwa chake pa timaulusi tokhala m'maselo, tiwiritiwiri, kamodzi kochokera kwa bambo, kena kwa mayi. Thupi likamakonza mbewu ya mwana, tiwirito timasiyana, mwana amalandira kamodzi kokha kwa kholo lililonse. Mwa anthu ambiri a AB, A amakhala pa kaulusi aka, B pa kaulusi ako. Mwana akatenga A, B amatsala. Akatenga B, A amatsala. Ndi zimene Ye-sol anajambula, ndipo pa mayeso ndikanamupatsa malikisi onse.

Koma alipo anthu ena, ochepa, amene A ndi B wawo anamangidwa mtolo umodzi pa kaulusi kamodzi, ndipo kaulusi kenako n'kopanda kanthu, ndiye kuti O. Munthu wotere mwana wake amatenga mtolo wonse n'kukhala AB, kapena amatenga kopanda kanthuko n'kukhala O. B wa anthu amenewa amaoneka mofooka poyeza, n'chifukwa chake msilikali woyeza anyamata mazana atatu asanadye nkhomaliro amangolemba A n'kuitana wotsatira. Magazi amenewa kumaiko komwe analemba buku lathu sawaonaona. Kuno kwathu kumwera chakumadzulo amapezeka kuposa kwina.

Mwina mukuti mchemwali wanga akundinyengerera ndi zinthu za m'mabuku. Chabwino, tisiye mabuku, titenge a m'nyumba mwathu. Malemu bambo anali a AB. Amayi ndi a O. Ikani zimenezo mu timabokosi ta Ye-sol. Ana awo ayenera kukhala A kapena B. Ine ndine O. Inu ndinu AB. Malinga ndi kapepala komwe mwathamangitsira mkazi wanu, ine si mwana wa bambo, ndipo inu si mwana wa amayi.

Ndinawauza amayi zimenezi Lamlungu. Anati masiku awiri athunthu anabuula nanu pokuberekani, mutu ngati dzungu, ndipo ngati si inu mwana wawo muwabwezere masiku awo awiri. Anatinso mphuno ya Ye-sol aliyense ku Jangheung amaidziwa kuti ndi ya banja lathu la kwa Wi, palibe mkazi angapite kunja kukafuna mphuno yoipa choncho pomwe ili kale pakhomo.

Mwafika pomwe mukudzifunsa, ndipo ndi bwino ndiyankhe musanafunse. Ngati zonsezi ndinkazidziwa, bwanji sindinanene pa tebulo paja?

Ndinkadziwa, achimwene. Zili m'maphunziro anga a sabata ya khumi ndi chimodzi, tsamba limodzi, ndipo chaka chilichonse ndimalidumpha chifukwa sizibwera pa mayeso ndipo nthawi imakhala yatha. Chimenecho ndi chifukwa cha Ye-sol chosadziwira. Ine changa n'china.

M'mawa wa tsiku lija tikukazinga zitumbuwa kukhitchini, alamu anandifunsanso funso lawo la chaka ndi chaka. Anati, aphunzitsi, nanga chaka chino ntchentche zanu za mu labu zija zakupezerani mwamuna? Anati munthu wophunzitsa za kubereka osaberekapo ali ngati wogulitsa nsapato woyenda chapansi. Azakhali aang'ono anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ndamva zimenezi kwa zaka makumi awiri, koma tsiku limenelo zinandikhala pamtima.

Ndiye pamene munandifunsa, ndinaona nkhope ya alamu itasintha, ndipo ndinati mumtima, atuluke thukuta pang'ono, ndikonza tikamadya zipatso. Sitinafike pa zipatso. Ndinakuimbirani madzulo ake, munali mutatseka kale foni.

Mawu awiri aja sanali bodza. Buku limaterodi. Koma ndinawasankha monga momwe munthu amasankhira mwala.

Pali chinanso chimene sindinauzepo munthu kufikira Lamlungu. Mukukumbuka bambo atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, inu muli ku usilikali? Ine ndinali chaka chachiwiri ku yunivesite, ndipo ndi ine ndinkasunga mapepala a kuchipatala. Ndinaona AB. Ndinajambula timabokosi tomwe tija kuseri kwa envelopu, ndili pa benchi ya pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo, zaka zitatu, amayi ndinkawayankha ndi mawu amodziamodzi. Tchuthi ndinkanamizira kuwerenga. Akanditumizira kimchi, kabichi wawo wowawasa uja, ndinkagawira anzanga. Ndinadzamva za mtolo uja kwa mphunzitsi wina ndili chaka chomaliza, ndipo ndinatuluka m'kalasi phunziro lisanathe.

Sindinapepese. Ndinangoyamba kubwera kunyumba ngati palibe chinachitika, poganiza kuti sanazindikire.

Lamlungu nditawaululira, amayi anapitiriza kusenda adyo. Anati iwo ankangoti sukulu yandikwera m'mutu. Kenako anati, ukanandifunsa, ndikanakumenya mbama imodzi n'kutha. Anati zaka zitatu zija bambo ako anali akudwala, ndinalibe wolankhula naye m'nyumba. Adyo yense anatha, ine ndili chikhalire.

Choncho musaganize kuti ndikukulalikirani ndili pamwamba. Dzenje lomwe mwagweralo ndinagweramo kale, ndipo pa Chuseok ndinakuonani mukulowera komweko n'kukusiyani. Zikuoneka kuti kwathu timatengera zinthu ziwiri, magazi achilendo ndi kutseka pakamwa. Choyambacho sichinapwetekepo munthu.

Ku Naju ndinapita Lachiwiri. Ndinagwada, ine, pamaso pa munthu amene amanditcha mkazi wa ntchentche, n'kunena zonse zomwe ndalemba apazi. Alamu anandimvetsera mpaka kumapeto, anandithirira tiyi, kenako anati, aphunzitsi, inu ndinu njoka, koma njoka ndinkaidziwa kale. Anati chimene chawapweteka si timabokosi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akudzuka kukuphikirani, akusamalira bambo mpaka tsiku lomaliza, ndiye kapepala kopukutira pakamwa kalankhula kamodzi, inu mwakhulupirira iko osawafunsa iwo ngakhale funso limodzi.

Madigiri onse atatu anali zii.

Pempho langa nali. Ndapangana ndi mnzanga wa kuchipatala chachikulu kuno kuti akuyezeni inu ndi Ye-sol Loweruka m'mawa. Si kuyeza kwa madontho awiri pa galasi, ndi kuyang'ana kaulusi komweko. Zotsatira zimatenga masiku khumi. Ine ndikudziwa kale zomwe zidzatuluke, ndipo ngati ndalakwitsa ndidzasiya ntchito n'kukagulitsa nsapato.

Koma masiku khumi ndi ambiri, Lolemba lili pafupi. Ndipo ngakhale zikanatuluka mawa, ndikanakuuzani zomwezi: musadikire pepala. Mukapita ku Naju mutanyamula zotsatira m'manja, alamu adzaona kuti pepala lina linakuchotsani, pepala lina lakubwezani, iwo sanawerengedwe paliponse. Pepala lidzakubwezerani mwana. Mkazi silidzakubwezerani.

Kwerani basi Lachisanu. Pitani ku Naju kaye, manja opanda umboni. Mugule mapeyala ngati mukuopa kulowa chimanjamanja, ngakhale kupita ndi mapeyala ku Naju kuli ngati kupita ndi mchere kunyanja. Mukagwade. Akakutukwanani musayankhe, pa zimenezo ndinu katswiri kale. Kuchipatala tidzapita Loweruka, ngati alamu adzafune n'komwe kuti tipite.

Ndipo muimbireni Ye-sol lero, musanamalize n'komwe kukwiya nane. Ndamufotokozera zonse, wamvetsa, wajambula yekha timabokosi tatsopano. Koma akuti sayansi waimva, chimene akudikira ndi foni ya adadi. Amagona nayo m'manja.

Sabata ya khumi ndi chimodzi ikubwera mwezi wamawa. Chaka chino tsamba lija sindilidumpha, ndipo lidzabwera pa mayeso.

Mundiperekere moni kwa anzanu a Bong-su ndi akazi awo, muwathokoze pokusungani masabata onsewa, ngakhale akanachita bwino kukuthamangitsani. Amayi akuti muvale zotentha, mphepo ya kunyanja yayamba. Akutinso musabwere ku Jangheung muli nokha, chitseko satsegula. Makolo akuyang'anireni pa ulendo, makamaka bambo, poti nkhani yonseyi anaiyambitsa ndi iwo.

Ine mchemwali wanu wa bambo mmodzi ndi mayi mmodzi,
Gyeong-ran